Lamulo la Chuma cha Masiye la 2011 pa Sikelo ya Fiqh: Kodi Likuwafika Amasiye a pa Ndunde?

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini chilungamo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Chaka chatha, anthu atangomaliza kukolola chimanga, tidaitanidwa ku arubaini m'mudzi wina kufupi ndi pa Ndunde, m'boma la Chiradzulu. Malemuyo adagwira ntchito ku Joni zaka zingapo, ndipo pobwera adagula njinga yamoto ya kabaza, ng'ombe yamkaka ndi malata omwe adafolerera nyumba yomwe adamanga kuchikamwini. Tidawerenga Qur'an, tidapanga dua, tidadya mpunga, n'kutsanzika. Patapita masabata atatu, mayi wamasiye uja adatipeza ku madrasa eda yake isanathe, chifukwa vuto lidamutulutsa m'nyumba. Njinga yamoto idali itapita ndi mchimwene wa malemu, ng'ombe adali ataitenga mwana wa mlongo wake, foni yomwe mudali ndalama idasowa tsiku la janaza lomwelo, ndipo ena adali atayamba kukamba zodzasasula malata.

Mayiwo adatifunsa mafunso awiri: "Sheikh, kodi Chisilamu chimandipatsa chiyani ine ndi ana angawa? Nanga ndikapita kukhoti, ndichimwa?"

Mafunso awiriwa ndi omwe atichititsa kuti tiliike pa sikelo lamulo la dziko lino lokhudza chuma cha masiye, lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2011 ndipo pa Chingerezi limadziwika mwachidule kuti Deceased Estates Act. Munthu wamba sakumana ndi chilungamo cha boma pa milandu ikuluikulu yomwe timaimva pa wailesi. Amakumana nacho tsiku lomwe wina wanyamula mbuzi zake, ndipo pa tsikulo m'pamene timadziwa ngati lamulo lili ndi ntchito. Tiliyesa lamuloli m'njira zitatu: zomwe lidakonza, pomwe likusiyana ndi Shariah, ndi pomwe likulephera kumufika mwini dandaulo.

Momwe zinthu zidaliri kale

Asilamu ambiri a m'Chiradzulu ndi Ayao, ndipo amakhala pamodzi ndi Alhomwe ndi Amang'anja. Mitundu yonseyi imawerenga mtundu kuchokera kwa mayi. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya mayi wawo, ndipo mwini mbumba ndi malume. Chisilamu chitayamba kufalikira pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1870, mafumu monga Makanjira ndi Mataka atachilandira, chidasintha mapemphero, zakudya, mavalidwe ndi kaikidwe ka maliro, koma pa nkhani ya chuma cha womwalira mwambo wa makolo udakhalabe pampando. Katswiri wa malamulo wa ku Britain, J. N. D. Anderson, m'buku lake la mu 1954 lofotokoza za malamulo a Chisilamu mu Africa, adaona kuti ku Nyasaland nkhani za m'banja pakati pa Asilamu zinkayendera kwambiri mwambo.

Tisafulumire kuwaweruza makolo athu. M'masiku awo, malume ankalowa chuma cha m'bale wake chifukwa ankasenzanso mtolo wa mbumba: kulera, kuweruza, kulipira milandu ndi kuika maliro. Chuma chake chidali makasu, nkhwangwa ndi ziweto zochepa. Lero bambo ndi amene amalipira fizi ndi kugula feteleza, ndipo chuma chimapezedwa ndi thukuta la mwamuna ndi mkazi pamodzi. Wachibale yemwe amabwera kudzatenga njinga yamoto, kawirikawiri sabweranso kudzafunsa ngati ana adya. Amatenga ufulu wa mwambo n'kusiya udindo wake.

Lamulo lakale la mu 1967 lidayesa kugwira mbali zonse ziwiri. Mwamuna wa ukwati wa chikamwini akamwalira wopanda wilu, mkazi, ana ndi omwe ankawasamalira ankalandira magawo awiri mwa asanu (2/5), ndipo magawo atatu otsalawo ankapita kwa olowa chuma malinga ndi mwambo. Kumadera a malobolo chumacho chinkagawidwa pakati. Ndiye kuti kuno kwathu lamulo lenilenilo linkapereka gawo lalikulu kwa achibale kuposa ana a malemu.

Zomwe lamulo la 2011 lidakonza

Apa tiyenera kuyamikira mosabisa. Lamulo latsopanoli lidachotsa olowa chuma a mwambo pamzere woyamba. Munthu akamwalira wopanda wilu, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi omwe ankadalira thandizo lake, monga makolo ake omwe ankawasamalira kapena mwana wamng'ono yemwe ankamulipirira sukulu. Achimwene ndi alongo amaganiziridwa pokhapokha ngati anthu amenewa palibe. Wamasiye amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba. Ngati malemu adasiya mitala yokhala m'madera osiyana, mkazi aliyense ndi ana ake amayang'ana pa chuma chomwe chili komwe iwo akukhala. Chachikulu n'chakuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womwe ungam'pititse munthu kundende mpaka zaka 10, ndipo khoti litha kulamula kuti katunduyo abwezedwe. Zonsezi zikutsamira pa Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 1994, makamaka gawo 24, lomwe limatchula kulanda amayi chuma cha masiye ngati umodzi mwa mikhalidwe yoyenera kuthetsedwa.

Wophunzira wa tafsir akamva izi akumbukira nkhani ya Sa'd ibn ar-Rabi' (Allah asangalale naye), yemwe adaphedwa pa nkhondo ya Uhud m'chaka chachitatu cha Hijra, chomwe ndi 625. Adasiya mkazi ndi ana aakazi awiri, ndipo m'bale wake adatenga chuma chonse potsata mwambo wa Aarabu, womwe sunkapereka kanthu kwa akazi ndi ana aang'ono. Mkaziyo sadakhale chete poopa kuti anthu amunena. Adatenga ana ake n'kukadandaula kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zipite kwa iye). Malinga ndi zomwe adalandira At-Tirmidhi ndi Abu Dawud, ndime za mirath m'Surah An-Nisa zidatsika, ndipo Mtumiki adalamula m'bale uja kuti apereke magawo awiri mwa atatu (2/3) kwa atsikanawo, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu (1/8) kwa mayi wawo, iye n'kutenga chotsala.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti chiweruzo choyamba cha mirath m'Chisilamu chidadza chifukwa cha dandaulo la mayi wamasiye yemwe alamu ake adamulanda katundu. Surah yomweyi, pa ndime 10, imafanizira kudya chuma cha ana amasiye ndi kudzaza moto m'mimba. Choncho pa cholinga chake, lamulo la 2011 lili pafupi kwambiri ndi Qur'an kuposa zomwe zimachitika m'midzi yambiri ya Asilamu. N'zochititsa manyazi, koma tiyenera kuzinena.

Tiyeni tiwerengere

Banja la mayi uja lidali lotere: malemu adasiya mkazi mmodzi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri. Tiyerekeze kuti titachotsa zoikira maliro, ngongole zonse kuphatikizapo mahari ngati adali asanamalize kupereka, ndi wasiya, patsala chuma chokwana K2,400,000.

M'Shariah, mkazi alandira 1/8, yomwe ndi K300,000. Mayi a malemu alandira 1/6, yomwe ndi K400,000. Yotsala K1,700,000 igawidwa kwa ana m'magawo anayi: mnyamata K850,000, mtsikana aliyense K425,000. Mchimwene wa malemu salandira kanthu chifukwa mwana wamwamuna wamutchinga, ndipo mwana wa mlongo sayandikira n'komwe. Pa lamulo la 1967, mkazi, ana ndi odalira onse akadagawana K960,000 yokha, pomwe K1,440,000 ikadapita kwa a mwambo. Pa lamulo la 2011, chuma chonse chikhala cha mkazi, ana atatuwo, ndi agogo aja ngati malemu ankawasamalira.

Taonani kuti anthu omwe Shariah yawapatsa m'banja limeneli ndi omwewo omwe lamulo la 2011 lawazindikira, ndipo omwe adanyamula njinga ndi ng'ombe alibe gawo mbali zonse ziwiri. Tisaiwalenso mfundo yomwe ophunzira ambiri amaidumpha: chomwe chimagawidwa ndi chuma cha malemu chokha. Ngati mayi adaika ndalama zake za nandolo kapena za geni pogula ng'ombe ija, gawo lakelo liyenera kupatulidwa kaye kuwerengera kusanayambe, chifukwa m'Chisilamu ukwati sumeza chuma cha mkazi.

Pomwe lamuloli likusiyana ndi Shariah

Kuyamikira sikutanthauza kuti malamulo awiriwa ndi amodzi. Kusiyana koyamba kuli pa magawo. Qur'an idaika manambala odziwika, pomwe lamulo la 2011 lidaika mfundo zoti wogawa azitsata: kuteteza otsala ku umphawi, kuganizira zofuna za malemu, thandizo lomwe wamasiye adaikapo, ndi misinkhu ya ana, mwana wamng'ono n'kupatsidwa chochulukirapo kuposa wamkulu. Ubwino wake ndi woti wogawa amatha kuona vuto la banja lililonse palokha. Kuipa kwake ndi koti mayi wa kumudzi sangadziwe gawo lake mpaka wina waudindo amuuze. Mwana wa madrasa yemwe waphunzira fara'id atha kuwerengera pa pepala limodzi kuti mayi uyu wake ndi 1/8, ndipo nambala imeneyo alamu sangaikokere kwawo. Kwa munthu wopanda mphamvu, kudziwa malire a chake ndi chitetezo chachikulu.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa makolo. M'Shariah bambo ndi mayi a malemu ali ndi gawo lawo, 1/6 aliyense ngati pali ana, kaya ndi olemera kaya osauka. Lamulo la boma limawapatsa limodzi ndi ana pokhapokha ngati ankadalira malemuyo. Ife tikuona kuti apa lamulo lidaphonya. Mayi yemwe adagulitsa mbuzi kuti mwana wake apeze pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni, akauzidwa kuti alibe kanthu, abale ake amadzuka ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umenewu ndi womwe umasasula malata. Gawo lodziwika la kholo limazimitsa moto usanayake.

Kusiyana kwachitatu kuli pa ana. Malamulo a dziko lino salekanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi, kapena wobadwira muukwati ndi wobadwira kunja. Qur'an imapereka kwa mwana wamwamuna kawiri gawo la wamkazi, ndipo maulama adafotokoza kuti izi zimayendera limodzi ndi udindo womwe Shariah idaika pa mwamuna, wopereka mahari ndi kusamalira banja ndi abale ake aakazi osowa. Tinene poyera kuti mwamuna yemwe amafuna magawo awiri koma mlongo wake akadwala sayankha foni, wafanana ndi wachibale uja wotenga ufulu n'kuthawa udindo. Mwana wobadwira kunja kwa nikah, kwa maulama ochuluka kuphatikizapo a madh-hab ya Imam Shafi'i yomwe ambiri kuno timatsata, salowa mirath ya bamboyo. Komabe khomo la wasiya ndi lotsegula: munthu atha kupereka mpaka gawo limodzi mwa atatu (1/3) kwa yemwe si wolowa chuma, monga momwe Mtumiki adamuikira malire Sa'd ibn Abi Waqqas.

Ku Kenya, Malamulo Aakulu a mu 2010 adasunga makhoti a Kadhi, omwe amaweruza nkhani za ukwati, chisudzulo ndi mirath pakati pa Asilamu omwe avomera kuweruzidwa kumeneko. Kuno ku Malawi, komwe kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse, makhoti otere kulibe. Msilamu akamwalira wopanda wilu, nkhani ikafika kukhoti, woweruza atsata lamulo la 2011, osati fara'id, ndipo sitingamudzudzule chifukwa ndi lamulo lomwe adalumbirira.

Pomwe lamuloli likulephera kufika

Chilema chachikulu cha lamuloli sichili m'mawu ake ayi, chili pa mtunda womwe uli pakati pa pepalalo ndi khonde la mayi wamasiye. Lamuloli lidalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Mayi uja wa pa Ndunde adali asanamvepo kuti lilipo, ngakhale lidali litatha zaka zoposa khumi. Kuti akadandaule ayenera kupeza ndalama yokwerera kupita kupolisi kapena kuboma, kusiya ana ndi munda, n'kubwereranso mlandu ukaimitsidwa, zonsezi ali pa eda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo njinga yomwe ikadamupezera ndalamayo ndi yomwe yalandidwa. Ng'ombe imagulitsidwa tsiku limodzi, pomwe mlandu umatenga miyezi.

Mtunda umenewu uli ndi mbiri yake. Nthawi ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, m'midzi mudali makhoti a makolo omwe ankaweruza m'chilankhulo cha anthu. Koma kuyambira 1969 makhoti akuluakulu a mtunduwu adapatsidwa milandu yakupha, kenako youkira boma, popanda woimbidwa mlandu kuloledwa kukhala ndi loya, ndipo ndi khoti lotere lomwe mu 1983 lidagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Dziko litasintha mu 1994, makhoti a makolo adathetsedwa, milandu yawo n'kupita kwa amajisitireti. Kuchotsa chida chopondereza kudali koyenera, koma pamodzi nacho padachokanso bwalo lapafupi la milandu ing'onoing'ono. Mu 2011 momwemo Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa makhoti a m'madera, koma zaka zidadutsa makhotiwo osatsegulidwa. Zotsatira zake n'zoti nkhani zambiri zimathera kwa anyakwawa ndi agulupu, omwe ena mwa iwo ndi achilungamo ndithu, koma kawirikawiri amakhala pachibale ndi mbali imodzi ndipo amaweruza ndi mwambo womwe lamulo lidausiya.

Zitseko zina zilipo ndipo ophunzira athu ayenera kuzidziwa. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit. Kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau lomwe limapereka maloya kwa osauka. Kuli ofesi ya DC ndi ya Administrator General zomwe zimayendetsa chuma cha omwalira. Gawo 41 la Malamulo Aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhoti ndi kulandira thandizo lenileni. Koma chitseko chomwe munthu sakuchidziwa chili ngati khoma.

Makolo athu m'maphunziro adaliona vuto lotere kalekale. Imam Al-Mawardi, mmodzi mwa akuluakulu a madh-hab ya Shafi'i yemwe adamwalira ku Baghdad mu 1058, m'buku lake la Al-Ahkam as-Sultaniyya adafotokoza za bwalo la mazalim, lomwe ntchito yake ina idali kubweza katundu wolandidwa ndi anthu amphamvu ndi kukwaniritsa zigamulo zomwe qadhi walephera kuzikwaniritsa. Iwo adazindikira kuti chigamulo chopanda dzanja lochikwaniritsa sichibweza mbuzi m'khola. Umenewu ndi muyeso womwe tikuliyesera boma lathu, ndipo pa muyesowu likupelewera.

Cholakwa chathu ife

Sikungakhale chilungamo kuloza boma chala n'kudzisiya ife eni. Sheikh ndi amene amakhala pamaliro kuyambira kusambitsa mpaka kumanda. Amabweranso pa sadaka ya tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi pa arubaini. Palibe wapolisi kapena majisitireti yemwe ali ndi mwayi wofika pakhomo la wamasiye kanayi m'masiku 40. Koma nkhani ya katundu ikangoyamba timati ndi za pabanja, n'kunyamula tasbih zathu kumapita. Ifenso tidatero tsiku lija. M'madrasa mwathu ana amaloweza malamulo a wudhu ndi swala, zomwe n'zofunika, koma ndi angati omwe amatuluka akudziwa kugawa chuma pa 24? Fara'id ndi phunziro lomwe Zayd ibn Thabit adatchuka nalo pakati pa maswahaba, ndipo tili ndi timabuku tachidule monga Ar-Rahbiyya tomwe ophunzira a Chishafi'i akhala akuloweza kwa zaka mazanamazana.

Tikumbukirenso bambo wamasiye. Kuchikamwini, mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo ndi chikwama cha zovala, kusiya nyumba yomwe adaumba yekha njerwa zake. Qur'an imamupatsa 1/4 ya chuma cha mkazi wake ngati pali ana, ndi theka ngati palibe, ndipo lamulo la 2011 limateteza wamasiye wamwamuna monga momwe limatetezera wamkazi. Nthaka ya mbumba ili ndi malamulo ake ndipo si chuma cha munthu mmodzi, koma malata, ziweto ndi ndalama sizili m'gulu limenelo.

Kodi Msilamu apite kukhoti la boma?

Tibwerere ku funso lachiwiri la mayi uja. Yankho lathu ndi loti sachimwa. Sulh, kuyanjanitsa pachibale, ndi njira yoyamba ndipo Qur'an imaitamanda. Koma sulh yomwe imaloleza choletsedwa ndi yosavomerezeka, ndipo kukhululuka komwe mayi wanena atazunguliridwa ndi alamu khumi, asakudziwa n'komwe gawo lake, si kukhululuka kwa mtima wake. Kuonjezera apo, gawo la mwana wosatha msinkhu palibe yemwe angalikhululuke m'malo mwake, ngakhale mayi ake omubereka. Choncho mayi yemwe akukatsata chuma cha ana ake kukhoti akukwaniritsa amana yomwe ili pakhosi pake.

Pomwe palibe qadhi, maulama ambiri a nthawi yathu adaloleza wolandidwa kukatenga chake kudzera m'makhoti a dziko lomwe akukhala. Mbiri ikuikira umboni. Mtumiki ali mnyamata adakhala nawo pa pangano la Hilf al-Fudhul m'nyumba ya Abdullah ibn Jud'an ku Makka, lomwe lidapangidwa wamalonda wina wa ku Yemen atamanidwa ndalama zake ndi Al-As ibn Wa'il. Omwe adapangana kuima ndi woponderezedwa sadali Asilamu, komabe Mtumiki adalitamanda panganolo ngakhale utumiki utabwera. Mu 615 adatumizanso maswahaba ake kwa Najashi, mfumu ya Chikhristu ya ku Habasha, chifukwa cha chilungamo chake.

Pali malire amodzi. Hadith ya Umm Salama, yomwe ili mwa Al-Bukhari ndi Muslim, imatiphunzitsa kuti chigamulo cha woweruza sichisandutsa cha mwini kukhala halal kwa yemwe wapambana mlandu. Ngati khoti lakupatsa choposa gawo lako la m'Shariah, kapena lasiya kunja agogo omwe Qur'an idawapatsa 1/6, uli ndi ngongole pamaso pa Allah mpaka eni akhululuke mwa kufuna kwawo.

Chomwe chingalumikize malamulo awiriwa

Lamulo la 2011 lomweli lidasiya mlatho womwe Asilamu ambiri sakuwolokapo, ndiwo wilu. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wamutu wabwino, atha kulemba momwe akufunira kuti chuma chake chidzagawidwe, n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri zomwe nazonso zisaine. Ena amaopa kuti izi zikutsutsana ndi chiphunzitso choti wolowa chuma sapatsidwa wasiya. Koma wilu yomwe ikunena kuti chuma chigawidwe motsata fara'id sikuonjezera aliyense kanthu, ikungopereka mphamvu ya boma ku magawo omwe Allah adaika kale. Asilamu a ku South Africa akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Ena amati kulemba wilu n'kudziitanira imfa, pomwe hadith ya Ibn Umar imalimbikitsa Msilamu yemwe ali ndi choti asiyire malangizo kuti asagone masiku awiri malangizowo asanalembedwe.

Polemba, tchulani katundu mmodzimmodzi, ngongole zomwe muli nazo ndi zomwe ena ali nazo kwa inu, ndi chomwe ndi cha mkazi wanu payekha. Mboni zikhale anthu omwe sadzalandira kanthu. Dziwaninso kuti khoti lili ndi mphamvu yosintha wilu yomwe yasiya mkazi kapena mwana wopanda thandizo, choncho mwana yemwe fara'id simufika muikireni gawo kuchokera pa 1/3 ija. Pepala la nikah lisungidwe bwino, chifukwa lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira maukwati a chipembedzo, ndipo pepalalo limatseka pakamwa onena kuti mayiyu sadali mkazi weniweni. Wilu isungidwe pamalo odalirika, ndipo wina wokhulupirika adziwe komwe ili.

Kwa aphunzitsi anzathu tikupempha zinthu ziwiri zomwe sizifuna ndalama. Choyamba, fara'id ibwerere m'kalasi, ndipo pambali pake ophunzira aphunzitsidwe m'Chichewa ndi m'Chiyao mfundo zikuluzikulu za lamulo la 2011. Chachiwiri, sheikh asachoke pamaliro katundu wa malemu asanalembedwe pa pepala pamaso pa mfumu ndi mbali zonse ziwiri. Mabungwe athu monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi ali ndi kuthekera kokonza chitsanzo chimodzi cha wilu, mothandizana ndi maloya, choti chizipezeka m'mizikiti.

Za mayi uja zidatha motere. Tidawerengera magawo pa pepala, tidapita nawo kwa anyakwawa, ndipo abale a malemu adaitanidwa. Tidayamba ndi nkhani ya Sa'd ibn ar-Rabi' ndi ndime 10 ya Surah An-Nisa, iwo n'kumamvetsera mwaulemu koma osasunthika. Titatchula za zaka 10 za kundende, mchimwene uja adafunsa ngati tikunena zoona, ndipo sabata isanathe njinga ndi ng'ombe zidabwerera. Malata sadasasulidwe, ndipo agogo adalandira gawo lawo. Ndalama za mu foni sizidapezeke mpaka lero. Tidathokoza Allah kuti lamulo la dziko lidagwira ntchito yake tsiku limenelo, koma tidabwerera ku madrasa mitima ili yolemera, chifukwa anthu omwe timaswali nawo Jumu'ah adaopa ndende kuposa Moto, ndipo ophunzitsa awo ndi ife.

Tikupempha Allah atikhululukire pomwe tapelewera, awateteze amasiye athu, ndipo awapatse oweruza a dziko lino mtima wachilungamo. Allah ndiye Mwini kudziwa.